MLENDO PA CHIPATA CHA MALAWI

Chaka chili chonse mvula ikakata ndipo miseu ikauma, anthu okhala m'mbali mwa nyanja ndi m'tsinde mwa mapiri amayamba kuona alendo ochokera ku maiko akutali. Ena amadza kudzasambira ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, ndi kudzaona tinsomba ta mbuna timene kwao ndi m'nyanja ino yokha. Ena amakwera phiri la Mulanje kufikira pa nsonga ya Sapitwa, imene kutalika kwake ndi mamita 3,002. Ena amanka ku Liwonde, ku Majete ndi ku Nyika kukaona nyama. Anthu amenewa sadza chimanjamanja. Amagula nsomba, mazira ndi nthochi, amagula ziboliboli, amalemba anyamata onyamula katundu ndi opalasa mabwato, ndipo ndalama zao zimalowa m'nyumba zambiri zimene iwo sanapondemo konse.

Palinso alendo a mtundu wina amene mudzi umawalakalaka koposa oyambawo. Awa ndiwo ana a m'mudzi momwemo amene anakhazikika ku Johannesburg, ku Harare kapena ku London, nakwatira komweko, ndipo tsopano afuna kudza ndi banja lonse kudzaona agogo. Nthawi zina ulendo wotere umafera pa pepala limodzi. Mbuzi yagulidwa, nyumba yaziridwa, chimera chasinjidwa, ndipo mau afika akuti alendo aja abwezedwa pa bwalo la ndege la komweko asanakwere n'komwe. Chifukwa chake kuli bwino kuti mafumu, aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga amvetse zimene lamulo lifuna kwa mlendo, pakuti iwowa ndiwo amafunsidwa nzeru, ndiwonso amalemba makalata oitanira alendo.

ODI NDI LOWANI

Munthu wa ulemu salowa pakhomo pa mnzake osanena odi, ndipo akanena sakankha chitseko yekha. Adikira kuti mwini nyumba ayankhe. Mlendo akagona m'mudzi, womlandira amakamuonetsa kwa nyakwawa kuti adziwike dzina lake, kumene achokera ndi tsiku limene adzachoka. Maiko nao amachita chimodzimodzi, koma pakuti alendo ao ndi ochuluka ndipo sadziwika nkhope, zonsezi zimachitika ndi mapepala. Ntchito imeneyi muno ili m'manja mwa Dipatimenti yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, imene anthu amangoitchula kuti a Imigireshoni.

Pepala loyamba ndilo pasipoti. Aka ndi kabuku kamene munthu amapatsidwa ndi boma la kwao, ndipo kanena dzina lake, tsiku limene anabadwa ndi dziko lake, kali ndi chithunzi chake. Kale anthu ambiri ankadutsa malire popanda kabuku kotere, koma nkhondo ya 1914 inachititsa maboma kuyamba kuwerenga olowa ndi otuluka, ndipo mu 1920 maiko anakomana ku Paris napangana za maonekedwe a kabukuka. Akuluakulu amene anagwirako ntchito ku migodi ya ku Johannesburg kapena ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, akumbukira chitupa chimene munthu sankayenda popanda icho. Pasipoti ifanako ndi chitupa chija, koma iyo si ya ntchito iai. Ndi umboni wakuti munthuyo ali ndi kwao, ndi kuti kwaoko adzamlandira pobwerera.

Apa pali msampha umene wakola anthu ambiri. Sikukwanira kuti pasipoti ikhale yamoyo tsiku lofika; iyenera kukhala ndi miyezi 6 yotsala isanathe mphamvu, ndiponso masamba osalembedwa oti adindepo. Munthu wofika mu June ndi pasipoti imene idzatha mu September aganiza kuti zonse zili bwino, pakuti iye afuna kukhala masabata atatu okha. Koma kampani ya ndege ikhoza kumkana ali kwao komweko. Sichita izi chifukwa cha nkhanza. Kampani ikanyamula munthu wopanda mapepala okwanira, ndipo munthuyo akakanidwa pofika, ndiyo imene iyenera kumbweza ndi ndalama zake. Tsono anthu a kampaniyo amayang'anitsitsa mapepala koposa ngakhale a pa chipata.

VIZA N'CHIYANI?

Pepala lachiwiri ndilo viza. Liu limeneli lichokera ku Chilatini ndipo litanthauza chinthu chimene chaonedwa. Pasipoti imaperekedwa ndi dziko la mlendo, koma viza imaperekedwa ndi dziko limene mlendoyo afuna kulowamo. Pasipoti ndiyo odi. Viza ndiyo yankho la mwini nyumba lakuti waona amene ali pakhomo ndipo akhoza kuyandikira.

Koma kuyandikira si kulowa. Mau otsiriza ali ndi mkulu wa Imigireshoni amene akhala pa chipata. Iye ali ndi mphamvu ya kufunsa mlendo kumene akagona, masiku amene akhala, ngati ali ndi tikiti yobwererera kapena yopitirira ulendo, ndi ngati ali ndi ndalama zodzisungira. Mayankho akapanda kugwirizana ndi zimene zinalembedwa popempha viza, akhoza kumbweza ngakhale viza ili m'manja.

Si alendo onse ayenera kukhala ndi viza. Anthu a ku Zambia, Tanzania, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, pamodzi ndi a maiko ena amene Malawi anapangana nao, amalowa ndi pasipoti yokha akamadza kudzacheza, monganso Amalawi amalowera kwao. Za anthu a ku Ulaya ndi ku America ndiye nkhani yake njaitali, ndipo iyenera kufotokozedwa bwino chifukwa ndipo pamene pagona chisokonezo chambiri.

Kwa zaka zambiri anthu a ku Britain, ku America, ku Germany ndi maiko ena otere ankalowa muno osalipira kanthu, pamene Mmalawi wofuna kunka kwao ankalemba mapepala ambiri ndi kulipira ndalama zochuluka. Britain, mwachitsanzo, anayamba kufuna viza kwa Amalawi mu 2006. Pa 1 October 2015 Boma linakhazikitsa lamulo la kubwezerana, lakuti dziko limene lilipiritsa Amalawi, anthu ake naonso alipire podza kuno. Nthawi imeneyo viza yolowera kamodzi inali madola 75 a ku America, ndipo yolowera kawirikawiri kwa chaka chathunthu inali madola 250. Eni nyumba zogona alendo anadandaula kuti banja la anthu anai liyenera kutaya madola 300 lisanagule ngakhale chambo chimodzi, ndi kuti alendo otere adzangopita ku maiko oyandikana nao. Mu February 2024 Boma linachotsa viza kwa anthu a maiko 79, ndipo Britain, America, Germany, France ndi China anali m'gulumo. Koma mu November 2025 Boma linalengezanso kuti libwerera ku njira ija ya kubwezerana.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomveka. Wopalasa bwato ku Chembe afuna kuti chipata chikhale chotsegula, pakuti mlendo ali yense wobwerera pa njira ndi nsima yochoka pakamwa pa ana ake. Wosunga chuma cha dziko afuna ndalama zakunja zogulira mafuta ndi mankhwala, ndipo sakondwa kuona anthu a kwao akuvutitsidwa kwina pamene alendo alowa ulele. Chimene munthu wa kumudzi ayenera kugwira pa nkhaniyi ndi chakuti lamulo latembenuka katatu m'zaka khumi. Mlendo amene analowa osalipira mu 2024 sangakhale mboni ya zimene zichitika chaka chino. Wofuna kudza afunse mwatsopano ku ofesi ya kazembe wa Malawi kapena kwa a Imigireshoni, ndipo afunse asanagule tikiti. Akale anati safunsa anadya phula.

KAPEMPHEDWE KAKE NDI KALATA YOITANA

Kuyambira mu 2019 mlendo akhoza kupempha viza pa intaneti ali kwao. Amalemba fomu, natumiza chithunzi chake ndi chithunzi cha tsamba la pasipoti limene lili ndi dzina lake, naonetsa kumene akagona, nalipira ndi khadi la ku banki. Akavomerezedwa amalandira kalata imene ayenera kuisindikiza pa pepala ndi kuionetsa pa chipata. Achite izi nthawi ikadalipo, osati usiku woti mawa anyamuka. Achenjerenso ndi anthu amene atsegula masamba ofanana ndi a Boma nalipiritsa ndalama zoonjeza pa ntchito imene munthu akhoza kuichita yekha. Adiresi ya tsamba lenileni la Boma ithera ndi zilembo zakuti gov.mw.

Wodzaona dziko amene akagona ku hotela amaonetsa kalata ya hotelayo. Koma amene akagona m'mudzi afunika kalata ya womlandira, ndipo apa ndipo pamene mphunzitsi kapena mlembi wa mfumu amaitanidwa kuti athandize. Kalata yabwino ikhala yaifupi. Inena dzina la mlendo monga momwe lalembedwera m'pasipoti, osati dzina limene amamtchula kumudzi. Inena nambala ya pasipotiyo, ubale wa mlendo ndi womuitana, tsiku lofika ndi lochoka, mudzi, mfumu ndi boma kumene akakhala, ndi nambala ya foni ya womlandira. Foniyo ikhale yotsegula tsiku limene mlendo afika, pakuti a pa chipata akakayika akhoza kuimba.

Kalata yotere si ya masewera. Woilemba aima ngati mboni pamaso pa Boma. Pali anthu amene amafika kwa munthu wosauka nampatsa ndalama pang'ono kuti alembe kalata yoitana munthu amene sanamuonepo chibadwire. Mlendoyo akadzapezeka ndi mlandu, apolisi amayambira pa dzina limene lili pansi pa kalata.

KULOWA KAMODZI NDI KULOWA KAWIRIKAWIRI

Viza zili za mitundu ingapo. Pali ya wongodutsa, ya masiku 7, monga ya munthu wochokera ku Tanzania kunka ku Mozambique. Pali yolowera kamodzi, ndipo pali yolowera kawirikawiri, ya miyezi 6 kapena 12. Kusiyana kwa ziwiri zotsirizazi kuoneka kochepa pa pepala, koma kwaliritsa anthu pa malire.

Alendo ambiri akafika ku Lilongwe amafuna kukaonanso nyama ku South Luangwa, m'dziko la Zambia, pakuti ndi ulendo wa tsiku limodzi kudzera ku Mchinji ndi Chipata. Amapita masiku atatu nabwerera kuti adzakwere ndege. Koma viza yolowera kamodzi imafa nthawi yomwe munthu watuluka, ngakhale anakhala muno masiku awiri okha. Pobwerera pa Mchinji afunika ina. Chimodzimodzi mlendo wa pa chilumba cha Likoma amene akwera bwato kunka ku Cobue, tsidya lija limene lioneka ndi maso. Madzi ndi amodzi, asodzi alankhula chinenero chimodzi, koma iye watuluka m'Malawi ndipo walowa m'Mozambique, dziko limene lili ndi malamulo akeake a viza. Mnyamata wa bwato amene aolotsa mlendo osadzera kwa a Imigireshoni amuika m'mavuto, nadziikamonso yekha.

Pa mseu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu malire amayenda ndi mseu womwewo, kotero kuti pa msika wa Lizulu mbatata za mbali ino ndi za Malawi, za mbali inayo ndi za Mozambique. Anthu a m'malire ali ndi chizolowezi chao, ndipo pa maulendo afupi amatenga kachiphaso ka pa malire. Kachiphasoka ndi ka eni dera. Mlendo wa kutali alibe nako gawo. Iye adzere pa zipata zodziwika: bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe ndi la ku Chileka, Songwe kwa ochokera ku Tanzania, Mchinji kwa ochokera ku Zambia, ndi Mwanza, Dedza, Muloza, Chiponde, Nayuchi ndi Marka kwa ochokera ku Mozambique, pamodzi ndi zipata zina zazing'ono. Munthu wolowera njira ya kutchire alibe chidindo cholowera, ndipo tsiku lotuluka sadzatha kufotokoza m'mene anafikira.

MASIKU A PA CHIDINDO

Mfundo yaikulu koposa zonse ndi iyi. Viza inena nthawi imene munthu akhoza kufika pa chipata; chidindo chimene adinda m'pasipoti tsiku lolowa ndicho chinena masiku amene akhoza kukhala. Nthawi zambiri mlendo amapatsidwa masiku osapitirira 30. Ngakhale amene sasowa viza, monga Mzambia kapena mdzukulu wa pasipoti ya South Africa, amawerengeredwa masiku chimodzimodzi. Munthu wa viza ya miyezi 12 asaganize kuti waloledwa kukhala chaka chonse. Waloledwa kudza kangapo m'chakacho, ndipo ulendo uli wonse uli ndi chidindo chake.

Mlendo asanachoke pa tebulo la a Imigireshoni atsegule pasipoti naone tsiku limene lalembedwa. Womlandira kumudzi achitenso bwino kuona tsikulo ndi kulilemba pa kalendala. Masiku a kumudzi amathamanga: lero maliro, mawa chinkhoswe, mkuja ulendo wa kunyanja, ndipo mwezi watha anthu osazindikira. Wofuna kukhalitsa apite ku ofesi ya Imigireshoni, monga ya ku Blantyre, ya ku Lilongwe kapena ya ku Mzuzu, masiku ake asanathe, akapemphe kuti amuonjezere. Amalipira ndalama ndipo akhoza kuonjezeredwa kufikira masiku 90 onse pamodzi. Kupyola apo safunikanso chidindo cha mlendo koma chilolezo china cha wokhala kwa kanthawi. Odwala amene sangathe kuyenda atumize munthu ndi kalata ya dokotala, asangokhala chete.

Wopitiriza masiku walakwira lamulo. Akhoza kulipitsidwa, kutsekeredwa, kutengeredwa ku khoti, kapena kutulutsidwa m'dziko ndi kuletsedwa kudzalowanso. Ena amayesa kuti ndi nkhani yaing'ono imene ikhoza kutha ndi kupepesa, koma maboma saiona choncho, ndipo Amalawi analawa kuwawa kwake. Mu August 2025 boma la America linalamula kuti anthu a ku Malawi ndi a ku Zambia opempha viza yokacheza kumeneko ayambe aika chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, ndipo chifukwa china chimene linapereka ndi chakuti ambiri mwa opitako sabwerera pa nthawi yao. Anthu ochepa anapitiriza masiku, koma chilango chinagwera mtundu wonse. Mlendo ndi mame. Akasanduka chithaphwi pakhomo, amene adza pambuyo pake ndiwo amavutika.

MLENDO SAGWIRA NTCHITO

Chidindo cha mlendo ndi cha kucheza, kuona dziko ndi kuona abale. Sichilola munthu kulembedwa ntchito kapena kutsegula malonda. Wofuna ntchito afunika chilolezo chimene pa Chingerezi achitcha Temporary Employment Permit, ndipo amene amachipempha ndi womlembayo. Wofuna kuchita malonda afunika Business Residence Permit; wodzaphunzira afunika chilolezo cha wophunzira.

Nkhani iyi ikhudza aphunzitsi kwambiri. Si zachilendo kuti mnyamata kapena mtsikana wa ku Ulaya amene anadza kudzaona nyanja afike pa sukulu nanena kuti wakonda ana, afuna kuphunzitsa Chingerezi teremu yonse popanda malipiro. Mtima wake ukhoza kukhala wabwino, ndipo sukulu imene ili ndi ana zana m'kalasi limodzi siifuna kukana dzanja lothandiza. Koma kusalandira malipiro sikusandutsa ntchito kukhala kucheza. Mphunzitsi wamkulu asampatse kalasi asanafunse ku ofesi ya maphunziro ya pa boma ndi kwa a Imigireshoni. Kufunsako kuteteza mlendoyo, kutetezanso ana, pakuti pasipoti inena dzina la munthu koma sinena khalidwe lake.

Ku nyanja kuli vuto lina. Mlendo wakonda gombe, afuna kumanga malo ogona alendo, koma alibe chilolezo. Tsono apempha mnzake wa m'mudzi kuti zonse zilembedwe m'dzina lake. Zinthu zikayenda bwino phindu ndi la mlendo. Zikavuta, mlendo akwera ndege, ndipo ngongole, msonkho ndi milandu ya antchito zitsalira mwini dzina.

KHADI LACHIKASU

Pepala lachitatu ndi la umoyo. Pali nthenda yotchedwa yellow fever imene imafalitsidwa ndi udzudzu woluma masana. Imayamba ndi kutentha thupi monga malungo, koma mwa ena imaononga chiwindi, maso nachita chikasu, ndipo ambiri mwa ofika pamenepo amafa. Nthendayi kulibe kuno, koma udzudzu wokhoza kuinyamula ulipo. Munthu mmodzi wodza nayo m'magazi akhoza kuyatsa moto umene dziko silingauzime msanga. Kumapeto kwa 2015 inabuka ku Angola, mu 2016 inafalikira ku Congo, ndipo antchito ena anainyamula m'thupi mpaka ku China.

Chifukwa chake mlendo wa chaka chimodzi kapena kuposa, wochokera ku dziko limene nthendayi imapezeka, ayenera kuonetsa khadi lachikasu la katemera. Maiko otere ndi monga Angola, Congo, Uganda, Kenya, Ethiopia, Nigeria, Ghana ndi Brazil. Wochokera ku London safunika khadili pa chifukwa cha kwao, koma ndege zambiri zodza kuno zimadzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa, ndipo amene wakhala pa bwalo la ndege la dziko lotere maola opitirira 12 amawerengedwa ngati wochokera komweko. Khadili limayamba kugwira ntchito patapita masiku 10 chibayidwire katemera, kotero wobayitsa dzulo sanakonzeke. Kale linkatha pa zaka 10, koma kuyambira mu July 2016 bungwe la World Health Organization linagamula kuti katemera mmodzi akwanira moyo wonse.

Malungo ndi likodzo safunsidwa pa chipata, koma ndiwo amagwetsa alendo ambiri. Mwana wobadwira ku Britain alibe mphamvu ya m'thupi yolimbana ndi malungo imene anzake a kumudzi ali nayo, ndipo ngakhale bambo wake amene anakulira kuno anaitaya mphamvuyo pokhalitsa kunja. Amwe mankhwala oteteza amene dokotala wa kwao awapatsa, agone m'masikito, ndipo akatentha thupi apite ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale atabwerera kale kwao. Pa nthawi ya mliri malamulo amaonjezeka: mu 2020, chifukwa cha Covid-19, ndege za anthu zinaimitsidwa kwa miyezi ingapo, ndipo pambuyo pake olowa ankafunsidwa kalata yoyezetsa, kufikira lamulolo linachotsedwa.

Odza pa galimoto asasokonezeke: palinso khadi lina lachikasu, la inshulansi ya galimoto m'maiko a COMESA. Ili ndi la galimoto, lija ndi la munthu. Galimotoyo ifunikanso chilolezo cholowera kwa kanthawi chochokera kwa a msonkho a Malawi Revenue Authority, ndipo siyenera kugulitsidwa muno msonkho wake usanalipidwe, ngakhale kwa mlamu.

MALAYA NDI KATUNDU

Achikulire akumbukira nthawi imene mlendo ankayesedwanso ndi zovala. Lamulo la 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi osabisa maondo, amuna a tsitsi lalitali naonso sankaloledwa, ndipo ena ankametedwa asanalowe. Lamulo la zovalalo linathetsedwa mu 1993, ndipo lero palibe wobwezedwa pa chipata chifukwa cha thalauzi. Chatsala ndi ulemu wamba, umene womlandira akhoza kuufotokoza mwakachetechete pompatsa mlendo chitenje asanapite ku maliro kapena kwa mfumu.

Katundu ndiye ali ndi malamulo olimba. Chamba ndi choletsedwa kwa mlendo monga kwa mwini dziko, ndipo anyamata a kunyanja amene amauza alendo kuti kuno n'chololedwa amawanamiza. Mfuti siilowa popanda chilolezo. Potuluka, minyanga ya njovu, mamba a ngaka, zikopa ndi mano a nyama zakutchire zimamangitsa wogula ndi wogulitsa yemwe. Kuyambira mu 2017 lamulo la nyama zakutchire lilola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu yaikulu yotere.

ANA A M'MUDZI OBWERA NDI PASIPOTI ZAKUNJA

Agogo ambiri samvetsa chifukwa chake mdzukulu wao, magazi ao enieni, afunsidwa viza polowa m'dziko la makolo ake. Yankho lake ndi lakuti pa chipata munthu amawerengedwa monga mwa pasipoti imene waonetsa. Wa pasipoti ya Britain ndi mlendo wa ku Britain, ngakhale dzina lake ndi Phiri ndipo mchombo wa bambo wake unakwiriridwa ku Dowa. M'banja limodzi mai akhoza kulowa ngati mwini dziko pamene mwamuna wake ndi ana afunika viza ndi chidindo cha masiku.

Kale Mmalawi wamkulu akatenga unzika wa dziko lina ankataya wa kuno. Kumapeto kwa 2018 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo kuti munthu akhoza kukhala nzika ya maiko awiri. Koma unzika umene unatayika subwerera wokha. Mwini wake ayenera kupempha kwa a Imigireshoni, ndipo akafuna kulowa ngati Mmalawi aonetse pasipoti ya Malawi yamoyo. Mwana woyenda ndi kholo limodzi kapena ndi azakhali atengeredwe kalata yake ya kubadwa ndi kalata ya chilolezo ya kholo lotsalalo, pakuti maiko ena salola mwana kutuluka popanda mapepala amenewa.

Pa zipata ndi pa maofesi pamakhala anthu ongozungulira, amene amatchedwa madobadoba, olonjeza kufulumizitsa mapepala kapena kukonza chidindo chimene chinatha. Iwo si antchito a Boma, ndipo chidindo chogulidwa kuseri chikapezeka chabodza, womangidwa ndi mwini pasipoti. Ndalama zonse za viza ndi za kuonjeza masiku zilipidwe pa malo ake olipirira, ndipo wolipira alandire lisiti ya Boma yolembedwa ndalama zenizeni zimene wapereka. Lisitiyo aisunge pamodzi ndi pasipoti kufikira tsiku lotuluka, pakuti a pa chipata akhoza kuifunsa.